Kusankha njira yochizira ndi nyimbo pa maphunziro a masitazi

Woimba amene akufuna kuphunzira kuchiza ndi nyimbo amathamangira kufunsa kuti apite yunivesite iti. Funso limeneli lidikire kaye. Yambani mwadziwa odwala amene mudzagwire nawo ntchito, chifukwa zimene zimathandiza mwana wa otizimu wosalankhula si zimene zimathandiza munthu wamkulu amene akuphunziranso kuyenda atadwala sitiroko, ndipo sukulu iliyonse ili ndi mbali imene inazamapo.

Kenako onani nkhani ya chilolezo. Ku United Kingdom simungadzitchule music therapist, wochiza ndi nyimbo, musanamalize masitazi yovomerezeka, imene nthawi zambiri imatenga zaka 2, ndi kulembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Maphunzirowa amapezeka ku Guildhall School of Music and Drama ku London, kumene Juliette Alvin anawayambitsa mu 1968, ku Anglia Ruskin University ku Cambridge ndi kwina. Ku United States, kumene digiri yoyamba ya ntchitoyi inayamba mu 1944 ku Michigan State, pamafunika maola 1,200 ogwira ntchito ndi odwala, ndipo osachepera 900 mwa iwo amakhala a internship, nthawi yophunzira ntchito moyang'aniridwa. Mukatero mumalemba mayeso a CBMT, bungwe lotsimikizira ochiza ndi nyimbo, n'kulandira chiphaso chake chotchedwa MT-BC, chimene chimakonzedwanso zaka 5 zilizonse. Ku South Africa masitazi ya University of Pretoria imakufikitsani polembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo kumeneko. Chilolezo cha dziko lina sichingolandiridwa kwina, choncho funsani bungwe la kumene mudzagwire ntchito musanalipire fizi.

Pa mayeso olowera mudzaimba chida chanu chachikulu, piyano kapena gitala, ndi mawu anu. Koma pamene ambiri amagwera ndi pa kuimba mongopeka pomwepo. Mphunzitsi amatenga ng'oma n'kumaimba ngati wodwala, mwina mosokonekera, mwina n'kungoima osachenjeza, kuti aone ngati mukumumva. Amene anazolowera kuimba pamaso pa anthu amadzaza mpata uliwonse ndi manotsi, mnzakeyo n'kusowa polowera. Kuti chizolowezichi chithe, tsiku lililonse patulani mphindi 20 zoimba piyano limodzi ndi mnzanu: dzanja lamanzere libwereze kachidutswa ka manotsi awiri kapena atatu, lamanja lingoyankha zimene mnzanu waimba, maso ali pa iyeyo, osati pa makiyi. Mukayankha, werengani mpaka 4 mumtima musanaimbenso.

Njira ya Nordoff-Robbins inamangidwa pa luso limeneli. Paul Nordoff, wopeka nyimbo, ndi Clive Robbins, mphunzitsi wa ana olumala, anayamba kugwirira limodzi ntchito ku England mu 1959. Wochiza amatenga chilichonse chimene mwana wachita, kaya kukuwa, kaya kugogoda mpando, n'kupeza noti ndi liwiro lake, n'kuchisandutsa chiyambi cha nyimbo. Ntchito yeniyeni ya wophunzira imabwera mwanayo atapita. Gawo lililonse lokumana ndi mwana limajambulidwa, makolo kapena wodwala atasaina chilolezo, ndipo inu mumalimveranso n'kumalemba nthawi ndi chimene chinachitika: pa mphindi 3:10 mwana wamenya ng'oma katatu, pa 3:14 piyano yayankha mofulumira kuposa iye, pa 3:20 watembenuka n'kusiya. Kulembaku kumadya nthawi yoposa gawo lenilenilo. Musakuthawe. Khutu limakumbukira zimene munkafuna kuimba, makina amasunga zimene munaimbadi, ndipo mlangizi wanu adzafunsa za zachiwirizo.

Ngati mtima wanu uli kuchipatala cha odwala ubongo ndi mitsempha, yang'anani Neurologic Music Therapy, imene Michael Thaut ndi anzake anakonza ku Colorado State University. Ili ndi njira 20 zokhazikika, ndipo maphunziro oyambira amatenga masiku 4 okha, koma amawonjezera pa digiri, salowa m'malo mwake. Yodziwika kwambiri ndi RAS, yoyendetsa wodwala motsatira kugunda kwa nyimbo, yothandiza kayendedwe ka odwala Parkinson ndi sitiroko. Mumayamba mwawerenga mapazi amene wodwala akuponda pa mphindi imodzi popanda nyimbo. Tinene kuti ndi 84. Mumatchera metronome, kachipangizo kogunda mofanana nthawi zonse, pa 84 pomwepo mpaka phazi ndi kugundako zigwirizane. Zikakhazikika mumakweza ndi 5 kapena 10 pa 100 alionse, kutanthauza 88 kapena 92, ndipo pomaliza mumachepetsa phokoso pang'onopang'ono kuti muone ngati akusunga liwirolo yekha. Cholakwika chofala ndi kukweza msanga: wodwala amathamangitsa kugundako ndi timapazi tatifupi, ndipo kwa wa Parkinson apa m'pamene angagwe. Muziyeza kutalika kwa sitepe, osati liwiro lokha, ndipo physiotherapist, wothandiza odwala kuyendetsanso thupi, akhale pambali. Nyimbo imene wodwala amaikonda koma kugunda kwake sikumveka bwino ndi yosathandiza pano.

Njira ya Helen Bonny, yotchedwa GIM (Guided Imagery and Music), ndi yomvetsera. Munthu amagona maso ali chitsinzire, kumamvera nyimbo zosankhidwa kwa mphindi 30 mpaka 45 uku akufotokoza zimene akuona m'maganizo, ndipo gawo lonse limatha kufika maola 2. Maphunziro ake ali ndi magawo 3 otenga zaka zingapo, ndipo inunso mumayenera kulandira GIM ngati wodwala. Siyenera munthu amene akuvutika kusiyanitsa zenizeni ndi zongoganiza, chifukwa ingamusokoneze kwambiri. Njira ya Mary Priestley, Analytical Music Therapy, imafunanso kuti wophunzira ayambe waunika za mumtima mwake. Ndipotu sukulu zambiri za ku United Kingdom zimalamula kuti wophunzira azionana ndi wochiza wakewake, kawirikawiri polipira yekha. Muwerengere ndalama imeneyo pokonza bajeti.

Pa kafukufuku womalizira masitazi, ophunzira amachedwa pa zinthu ziwiri. China ndi mutu waukulu mopitirira, wonga wakuti kodi nyimbo zimachiza matenda a maganizo. Uchepetseni ukhale wa gulu limodzi, njira imodzi ndi chinthu chimodzi choyezeka, mwachitsanzo kuti mwana akulandizana nanu ng'oma kangati pa magawo 10. China ndi chilolezo cha komiti yoteteza anthu ochita nawo kafukufuku, chimene chimatenga miyezi ngati mukukhudza ana kapena odwala dementia, matenda oiwalaiwala. Lembani pempholo chaka choyamba chisanathe. Amene akufuna kupitiriza mpaka PhD ayang'ane Aalborg University ku Denmark kapena University of Melbourne ku Australia, ndipo alembere kaye mphunzitsi amene akufufuza za odwala awo omwewo asanatumize fomu.