Musanagule thiransifoma ya chigayo

Inu amene mukufuna kuika chigayo cha magetsi kuno ku Angónia kapena ku Tsangano, chonde musangoona kW (makilowati, muyeso wa mphamvu ya mota) yolembedwa pa mota n'kuthamangira kukagula. Thiransifoma amaiyeza mu kVA, muyeso wa magetsi amene ingathe kupereka, ndipo ziwirizi sizifanana.

Pa mota pamakhala kachitsulo kolembedwa ma volt ndi ma amp. Ngati ndi mota ya three-phase (ya nthambo zitatu za moto), chulukitsani 1.732 ndi ma volt, kenako ndi ma amp, mugawe ndi 1,000 kuti mupeze kVA. Mota ya 15 kW pa 380 V imakoka ma amp pafupifupi 30, ndiye kuti pakufunika 19.7 kVA. Mukagula ya 16 kVA poganiza kuti yaposa 15, izingotentha mpaka kupsa.

Ngakhale ya 25 kVA ine ndimaiona yothina. Mota ikamadzuka imatha kukoka ma amp kuwirikiza 6, pokhapokha mutaika star-delta, chipangizo chochepetsa ma amp podzutsa mota. Ndiye pali kachigayo kokonola, mababu, mwinanso mawa makina owotcherera. Zonsezo muwerengeretu. Anzathu aku Moatize muwonjezerepo ndithu, dzuwa la mu Okutobala limatenthetsa mafuta a m'kati mwa thiransifoma.

Polumikiza itanani a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, nthambo zimenezo musazigwire nokha.