Kukonzekera Comrades ndi kuifika maola 12 asanathe

Mpikisano wa Comrades umathamangidwa pa msewu wa pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban ku South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 86 mpaka 90 malinga ndi chaka. Vic Clapham, yemwe anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anauyambitsa mu 1921 pokumbukira anzake amene anafera ku nkhondoko. Pa anthu 34 amene ananyamuka tsiku limenelo anafika ndi 16. Chaka china mpikisano umayambira ku Durban n'kukwera, chaka chinacho umayambira ku Pietermaritzburg n'kutsikira kunyanja. Maola 12 akakwana mfuti imalira, ndipo wotsala ngakhale ndi mamita awiri salandira mendulo.

Musanaganize za nsapato, konzani zolembetsa. Muyenera kukhala ndi zaka 20 kapena kuposa, ndiponso mumalize kaye mpikisano wovomerezeka wa makilomita 42.2 m'nthawi imene akonzi aika. Nthawiyi yakhala ili pakati pa maola 4 ndi mphindi 50 ndi maola 5, choncho werengani malamulo a chaka chimene mukufuna kupita. Amene mukukhala ku Joni, ku Durban kapena ku Cape Town lowani kalabu yothamanga yovomerezeka. Ochokera ku Malawi amalembetsa m'gulu la maiko ena a mu Africa. Malo amadzaza miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Mpikisano umachitika chakumapeto kwa May kapena mu June, ndiye maphunziro enieni ayambe mu January thupi litazolowera kale makilomita 30 kapena 40 pa sabata. Munthu amene akungofuna kumaliza amafunika makilomita pafupifupi 1,000 mpaka 1,200 kuchokera January kufika tsikulo. Thamangani masiku anayi kapena asanu pa sabata, muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono kwa masabata atatu, yachinayi muziuchepetsa. Mu April mukhale mukufika pa makilomita 70 mpaka 85 pa sabata. Ulendo wautali kwambiri, wa makilomita 50 mpaka 60, uchitike kutatsala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Zonsezi muzithamanga pa liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu osachita wefuwefu. Ovulala ambiri amavulala mu March ndi April, chifukwa mtima ndi mapapo zimalimba msanga kuposa mafupa ndi minyewa: munthu amamva kuti ali ndi mphamvu, amawonjezera liwiro ndi mtunda nthawi imodzi, kenako msongolo kapena bondo limayamba kudandaula. Ululu wa pa fupa umene mungathe kuuloza ndi chala chimodzi, umene ukukula pamene mukuthamanga, musaukakamize. Kaonaneni ndi achipatala.

Chimene chimagwetsa anthu pa Comrades ndi mtsetse. Zitunda zisanu zotchuka, Cowies Hill, Fields Hill, Botha's Hill, Inchanga ndi Polly Shortts, aliyense amaziopa pokwera, koma pokwera munthu amangotopa. Potsika ndi pamene minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki, kutamuka kwinaku ikunyamula thupi lonse, ndipo imang'ambika pang'onopang'ono mosaoneka. Chaka chotsikira ku Durban, Fields Hill imakupezani makilomita opitirira 60 ali kale m'miyendo, n'kukutsitsani makilomita pafupifupi atatu kulowa m'Pinetown. Pamenepo mudzaona anthu amphamvu akutsika cham'mbali, ena chafutambuyo, chifukwa ntchafu zakana. Mankhwala ake ndi kuzoloweza minofu imeneyi nyengo isanafike. Kamodzi pa sabata pezani chitunda chachitali, mukwere modekha, mutsike ndi timapazi tifupitifupi, phazi lizitera pansi pa thupi osati kutsogolo kwenikweni, ndipo musapendekere m'mbuyo. Amene muli ku Zomba, msewu wokwera ku Chawe ndi sukulu yokwanira. A ku Blantyre muli ndi msewu wotsikira ku Chikwawa, koma mulawirire dzuwa lisanatenthe ndipo muziyang'anizana ndi galimoto zobwera. Onjezani kunjuta ndi kudzuka maulendo 12 katatu, ndi kukwera pa benchi ndi mwendo umodzi, kawiri pa sabata.

Phunziraninso kuyenda. Kuti mumalize makilomita 89 m'maola 12 mufunika mphindi 8 ndi timasekondi pa kilomita iliyonse, ndipo m'menemo muli nthawi yoima pa madzi, yodzithandiza, ndi mphindi zingapo zimene zimatayika poyambira chifukwa cha chigulu cha anthu. Kuyenda kokonzekera, monga mphindi imodzi pa mphindi zisanu ndi zinayi zilizonse ndi pa chitunda chilichonse chachikulu, kumasunga miyendo. Kuyenda kokakamizidwa ndi kutopa sikubweza kanthu. Muziyenda mwachangu, manja akugwira ntchito, ndipo muziyesereratu pa maulendo anu aatali.

Chakudya cha m'njira chiyesedwe pa maulendo omwewo, chifukwa m'mimba namonso mumaphunzira. Thupi limafuna magalamu pafupifupi 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola, ndiye kuti nthochi ziwiri zazikulu ndi kachidutswa ka mbatata, kapena nthochi imodzi ndi kapu ya chakumwa chotsekemera. M'njira amagawa madzi a m'timapepala, zakumwa, malalanje, nthochi ndi mbatatesi yophika yothira mchere. Yambani kudya ola loyamba lisanathe. Mukadikira njala, mseru umabwera ndipo chakudya sichilowanso. Madzi imwani molingana ndi ludzu. Kumwa mopitirira muyeso kumachepetsa mchere m'magazi, ndipo katswiri wa sayansi ya zamasewera Tim Noakes ndi anzake analemba za vutoli mu 1985 ataliona mwa othamanga, kuphatikizapo a pa Comrades pomwepa. Zizindikiro zake ndi mutu, kutupa zala, kusanza ndi kusokonezeka maganizo. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac asiyeni kunyumba: thupi likauma, minofu itaphwanyika, amawononga impso. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena ukasiya kubwera, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mwadwala malungo kapena chimfine chotentha thupi m'masabata awiri otsiriza, musanyamuke popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa mtima umakhala usanachire.

Masabata atatu otsiriza chepetsani mtunda, choyamba kufika pa magawo atatu mwa anayi, kenako theka, sabata yomaliza kungotakasa miyendo. Nsapato zikhale zoti mwathamangira kale makilomita 100 kapena kuposa, zokulirapo pang'ono kumapeto poti mapazi amatupa. Wengani zikhadabo kutatsala masiku angapo. Pakani Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pakati pa zala, ndipo amuna mumate pulasitala pa nsonga za mabere, apo ayi malaya amafika ali magazi. Nsima kapena mpunga wambiri mudye masiku awiri tsikulo lisanafike. Usiku woti mawa lake ndi mpikisano idyani mwachizolowezi, ndiwo zisakhale nyemba kapena za tsabola. Ku Pietermaritzburg m'bandakucha wa June kumazizira kwambiri, choncho valani juzi yakale yoti mudzaivule m'njira.

Poyambira amaulutsa kulira kwa tambala kumene wothamanga wina wakale, Max Trimborn, ankachita, mfuti n'kulira kudakali mdima. Gulu lidzakukokani, inu muugwire mtima, pakuti kuthamanga sikufika. Zikwangwani za m'njira zimawerenga makilomita otsala, osati amene mwadutsa. M'malo angapo muli nthawi yotsekera njira, ndipo wochedwa amakwezedwa basi, ndiye lembani nthawi zimenezi pa kapepala muzimate pa mkono. Wofuna kumaliza m'maola 11 ndi theka afike pa Drummond, pakati pa ulendo, cha m'maola asanu ndi theka miyendo idakali yopepuka. Kufika msanga kwambiri pamenepo n'kungongola mphamvu, ndipo ngongoleyo imalipidwa pa Fields Hill kapena pa Polly Shortts, chitunda chimene chaka chokwera chimabwera kutatsala makilomita osakwana khumi ndipo pafupifupi aliyense amachikwera choyenda. Pali othamanga odziwa njira amene amanyamula mbendera yolembedwa nthawi, n'kumatsogolera chigulu chimene amachitcha basi. Kukwera basi ya maola 11 n'kothandiza, koma khalani kutsogolo kwake kuti madzi muziwapeza anzanu asanadzadze pa tebulo. Basi yomaliza ya maola 12 musaidalire, chifukwa mukatsalira pang'ono kumbuyo kwake mulibenso pogwira.

Minofu ikakokana, imani, muitambasule pang'onopang'ono, muyende mphindi ziwiri, kenako muyambenso ndi timapazi tating'ono. Womaliza pakati pa maola 7 ndi theka ndi maola 9 amalandira mendulo ya Bill Rowan, amene anapambana mu 1921 pa maola 8 ndi mphindi 59. Maola 10 asanakwane ndi ya Robert Mtshali, 11 ndi ya bronze, 12 ndi ya Vic Clapham. Mukafika musagone pansi nthawi yomweyo. Yendani pang'ono, valani zofunda, idyani chamchere, ndipo masabata awiri kapena atatu otsatira musathamange.