Kupeza loya pogulitsa nyumba ya chikole ku Kasungu

Ngati ngongole ya kubanki yakukulirani ndipo nyumba imene munaika chikole siingagulidwe pa mtengo wokwanira kubweza ngongole yonse, musathamangire kwa madobadoba. Yambani mwapeza loya, chifukwa nyumba yotere siigulitsidwa popanda chilolezo cha banki.

Musanamulipire kalikonse, tsimikizani kuti dzina lake lili pa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, umene bungwe la Malawi Law Society limatulutsa. Amene alibe ndalama afunse ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza anthu osowa pa nkhani zamalamulo. Loya wa banki musamudalire, pakuti iye amateteza banki.

Popita kwa loya tengani chikalata cha lizi, pangano la ngongole, makalata onse ochokera kubanki ndi malisiti a msonkho wa kukhonsolo ya Kasungu. Iye akafufuze ku ofesi yolembetsa malo ku Lilongwe ngati nyumbayo ilibe chikole china, kenako akambirane ndi banki. Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri: banki ilembe momveka bwino ngati ikukhululuka ndalama yotsalayo kapena idzakulonjereranibe, chifukwa mawu apakamwa a woyang'anira nthambi sangakutetezeni kukhoti, ndipo n'zowawa kutaya nyumba koma ngongole n'kukhalapobe.

Wogula naye akhale ndi loya wakewake. Pa malo amakolo, makamaka kumidzi, kalata ya mfumu yokha siikwanira, choncho funsani loya zimene lamulo la Customary Land Act la 2016 likunena musanasaine.