Khadi laling'ono loyenda ndi mwana wothawa nkhondo

Kwa inu amene mumaphunzitsa ana azaka 3 mpaka 6 m'misasa ya anthu othawa nkhondo, vuto lobwera kawirikawiri ndi lakuti banja limasamuka mwadzidzidzi, ndipo mphunzitsi wa kumalo atsopano amataya masabata akufufuza zimene mwanayo amadziwa kale. Ndinapeza kuti khadi limodzi limachepetsa kwambiri vutoli.

Dulani katoni kukula ngati chikhatho. Lembanipo ndi pensulo dzina loyamba la mwana, chilankhulo chimene amalankhula pakhomo, pamene amafika powerenga manambala, komanso nyimbo imene imamukhazika mtima pansi akamva phokoso lalikulu. Mzere wa nyimbowu ndimauona wofunika kuposa yonse, chifukwa mwana amene wadzipanikiza pakona atatseka makutu ndi manja sangaphunzire ngakhale chilembo chimodzi, koma akamva nyimbo yomwe amaidziwa ikutuluka pakamwa pa mlendo, manja aja amatsika pang'onopang'ono ndipo amayamba kuyang'ana amene akuimbayo. Chonde musalembepo mtundu wa mwana, chipembedzo kapena mudzi wochokera, pakuti khadilo likagwera m'manja mwa anthu onyamula zida panjira likhoza kuika banja lonse pachiswe.

Ikani khadilo m'kajumbo kapulasitiki kuti lisanyowe ndi mvula, ndipo lizisungidwa ndi kholo m'thumba la zovala, osati m'kalasi, popeza tsiku lothawa palibe amene amabwerera kukatenga mapepala kusukulu. Kumapeto kwa mwezi uliwonse muziliitanitsa kuti muonjezerepo zimene mwanayo waphunzira.