Mmene Mungafalitsire Kuphika ndi Dzuwa M'midzi ya ku Mulanje

Aliyense amene akufuna kuti anthu a kwawo ayambe kuphika ndi dzuwa ayenera kuyamba wavomereza kuti mbaula ya dzuwa siidzachotsa mafuwa kapena Chitetezo Mbaula (mbaula ya dothi yosunga nkhuni) pakhomo, koma idzangothandizana nazo. Kuno ku Mulanje mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa phiri limasonkhanitsa mitambo, mvula imagwa yambiri kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kubisa dzuwa masiku angapo otsatizana. Mukalonjeza amayi kuti sadzapitanso kunkhuni, adzakugwirani bodza mvula yoyamba ikangogwa, ndipo sadzakumveraninso pa china chilichonse. Lonjezo loona ndi lakuti kuyambira mu Ogasiti mpaka dzinja litayandikira, komanso masiku ena owala m'miyezi inayo, nyemba, nandolo, mbatata ndi madzi akumwa zingathe kuphikidwa popanda nkhuni, moti mtolo umodzi ungakhalitse kuposa kale.

Zifukwa zochitira ntchitoyi anthu amazidziwa kale, choncho musazitalikitse. Mitengo yachepa m'mphepete mwa phiri la Mulanje, phiri la Thyolo linayera kalekale, ndipo amene anaona matope ndi miyala zikutsetsereka pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa za kuipa kwa mtunda wopanda mitengo. Chimene ambiri sanamvepo ndi cha utsi. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira m'chaka cha 2020 ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana amene amakhala nawo kukhitchini.

Musanaitane munthu aliyense, phunzirani kuphika nokha. Mbaula za dzuwa zilipo za mitundu itatu, ndipo sizigwiritsa ntchito magetsi, motero zisasokonezedwe ndi sola younikira kapena yotchajira foni. Yoyamba ndi ya bokosi, imene ili ndi makatoni awiri, wina mkati mwa mnzake, pakati pake pothiridwa mankhusu a mpunga kapena mapepala ouma kuti kutentha kusatuluke, ndipo pamwamba pamakhala galasi ndi chivindikiro chonyezimira chobwezera kuwala mkati. Yachiwiri ndi ya katoni mmodzi wopindidwa, womatidwa pepala lonyezimira la aluminiyamu, amene pakati pake pamakhala poto wakuda wovundikiridwa ndi mbale ya galasi kapena thumba la pulasitiki losasungunuka ndi kutentha. Mtundu umenewu unafalitsidwa ndi bungwe la Solar Cookers International, lomwe linayamba mu 1987 ku Sacramento m'dziko la America, ndipo dzina la mbaulayo ndi CooKit. Unagwiritsidwa ntchito ku msasa wa othawa nkhondo wa Kakuma ku Kenya kuyambira mu 1995, kenako ku misasa ya ku Chad ya anthu ochokera ku Darfur. Yachitatu ndi chimbale chachikulu chonyezimira chimene chimasonkhanitsa kuwala pansi pa poto. Chimenechi chimatentha ngati moto weniweni ndipo chimakazinga, koma ndi chodula, chimafuna kutembenuzidwa pafupipafupi, ndipo chingathe kuwotcha mwana kapena kuwononga maso. Pagulu la kumudzi ndi bwino kuyamba ndi ya bokosi, chifukwa imasunga kutentha ngakhale kamtambo katadutsa kapena mphepo itawomba.

Poto akhale wopepuka, wakuda kunja, wokhala ndi chivindikiro chogwira bwino. Madzi muthire ochepa kuposa amene mumathira pamoto, popeza satuluka nthunzi yambiri, ndipo musamavundukule kawirikawiri, chifukwa kutentha kukathawa kumatenga nthawi kuti kubwerere. Chakudya chiikidwe dzuwa likangokwera, cha m'ma 9 koloko, ndipo nthawi yamphamvu imatha cha m'ma 3 koloko masana. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mbaula iyang'ane kumeneko, pamene mu Okutobala ndi Novembala limakhala pafupifupi pamutu. Mpunga ndi mbatata zimapsa m'maola awiri kapena atatu, nyemba zouma zimafuna nthawi yotalikirapo ngakhale zitanyikidwa usiku wonse. Majumbo opyapyala, amene boma linaletsa kale, asagwiritsidwe ntchito povundikira poto chifukwa amasungunuka.

Pali zakudya zina zimene muyenera kuchenjeza anthu momveka bwino kuyambira tsiku loyamba. Nyemba zofiira zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zitabwadamuka kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, ndipo mbaula ya katoni nthawi zina siifika pamenepo, kotero ziyambe zabwadamutsidwa pamoto, kenako zikamalizike padzuwa. Nkhuni zimapulumukabe, chifukwa zimene zimatha kwambiri ndi za maola aja odikira kuti nyemba zifewe. Kalongonda, amene Alhomwe amadziwa kuti amafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, aphikidwe monga mwa nthawi zonse, ndipo chimodzimodzinso chinangwa chowawa. Chakudya chisasiyidwe m'bokosi dzuwa litapendeka n'kumazirala pang'onopang'ono mpaka usiku, chifukwa m'chakudya chofunda ndi mmene tizilombo timaswana.

Funso la nsima lidzabwera ndithu, ndipo kawirikawiri limachokera kwa abambo. Liyankheni moona. Nsima imafuna moto wamphamvu ndi mthiko, ndipo mbaula ya bokosi kapena ya katoni siilola kuvundula, chifukwa poto ayenera kukhala wotseka. Chimene dzuwa lingachite ndi kutenthetsa madzi a nsimayo, kuti pamoto pangokhala kanthawi kochepa. N'chifukwa chake amene agwira ntchitoyi m'maiko ena amalimbikitsa zinthu zitatu pamodzi: mbaula ya dzuwa pamene kwawala, mbaula yosunga nkhuni ya nsima ndi masiku a mitambo, ndiponso dengu loyalidwa nsalu zakale kapena masamba ouma a nthochi, loikamo poto wowira kuti chakudya chipitirize kupsa ndi kukhala chotentha mpaka madzulo. Dengu limenelo, kunena zoona, ndi limene amayi ambiri amayamba kulikonda, chifukwa limagwira ntchito ngakhale pa chiperoni ndipo silifuna ndalama.

Mukadziwa kuphika, pitani kwa a nyakwawa musanasonkhanitse anthu, ndipo mukawapemphe malo ndi tsiku, osati kungowadziwitsa zimene mwakonza kale. Akuwuzani okha amene ali m'komiti yachitukuko ya m'mudzi ndi komiti yosamalira zachilengedwe, ndipo ngati makomitiwo akugwiradi ntchito, ntchito yanu ilowe mmenemo m'malo moyambitsa komiti ina yopikisana nawo. Alangizi a zaumoyo ndi a zankhalango a m'deralo aitanidwenso. Komabe amene adzanyamule ntchito yeniyeni ndi magulu a amayi amene amakumana kale sabata ndi sabata, monga a banki m'khonde, a mvano ndi ena a kumpingo kapena kumzikiti, ndi amene amaphika phala ku sukulu za mkombaphala. Musankhe amayi ochepa amene anzawo amawadalira pa zophika, muwabwereke mbaula kwa milungu ingapo, ndipo muwalole ayesere okha kunyumba kwawo, kulephera ndi kukonza, asanaonekere pagulu.

Chionetsero chichitike mu Seputembala kapena Okutobala, pamalo opanda mthunzi, ndipo ophika akhale amayi a m'mudzi momwemo, osati mlendo wobwera pagalimoto. Zakudya zikhale zimene anthu amadya masiku onse, ndipo ziikidwe m'poto aliyense akuona, kuti pasapezeke wonena kuti zinaphikidwa usiku. Popeza kudikira ndi kwa maola angapo, nthawi imeneyo igwiritsidwe ntchito podula ndi kumata makatoni, kuti ofuna aone mmene mbaula imapangidwira. Mawu ambiri safunika, chifukwa nthunzi ikatuluka povundukula poto ndipo anthu akalawa nandolo, mafunso amabwera okha. Mukhalenso ndi Chitetezo Mbaula pambali yophikira nsima ya onse, kuti anthu aone zinthu ziwirizo zikugwira ntchito limodzi. Tsiku likacha ndi mitambo, sinthani tsiku, musakakamize. Masiku a msika ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Nkando ndi abwino poonetsa anthu ambiri, koma kumsika anthu amaona n'kupita, pamene kumudzi ndi kumene amayamba kugwiritsa ntchito.

Kugawa mbaula mwaulere kumaoneka ngati chifundo, koma nthawi zambiri ndi kumene kumapha ntchito. Chinthu cholandira pa mzere chimakasungidwa pansi pa bedi, galasi lake n'kukhala zenera, ndipo chikawonongeka mwini wake amadikira kuti amene anabweretsa abwerenso. Ndi bwino kuti banja lipereke kanthu, kaya ndi ndalama yochepa yobwereka ku banki m'khonde, kaya ndi makatoni ndi ntchito ya manja awo. Chofunikanso ndi chakuti zipangizo zizipezeka pafupi. Katoni saopa china koma chinyezi ndi chiswe, ndipo ku Mulanje zonsezo zilipo, choncho kambiranani ndi akalipentala ndi okhoma zidebe a pamsika kuti aphunzire kupanga mabokosi a matabwa opyapyala kapena a malata, ndiponso ndi wagolosale mmodzi kuti azisunga pepala lonyezimira ndi magalasi. Mmisiri amene akupezapo phindu amalengeza malonda ake popanda kutumidwa. Masukulu a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, ngakhalenso ophunzira a ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, angathe kupemphedwa kuti athandize kuyesa mabokosi olimba ogwirizana ndi nyengo ya kuno.

Pakatha chionetsero, yenderani makomo. Apa ndi pamene ntchito zambiri zoterezi zimafera, chifukwa oyambitsa amawerenga mbaula zogawidwa m'malo mowerenga mbaula zimene zikuphikadi. Mayi wophunzitsa aliyense akhale ndi makomo ochepa oyandikana nawo, awayendere masana dzuwa likuwala, ndipo afunse zimene zavuta. Mavuto ake amakhala ofanana: nkhuku ndi mbuzi kugubuduza poto, mphepo kuulutsa katoni, ana kuvundukula, kapena mayi kukhala kumunda kapena kotchola tiyi nthawi yonse ya dzuwa. Kwa wopita kuntchito, bokosi lingasiyidwe litayang'ana kumene dzuwa lidzakhale masana, pamalo otchingidwa, ngati pakhomo pali wamkulu woliyang'anira. Palinso amene amaopa kusiya chakudya panja chifukwa cha anthu oipa mtima. Mantha amenewo musawaseke, koma ganizirani nawo za mpanda kapena loko wa pabokosi. Mu kabuku lembani masiku amene banja laphika ndi dzuwa ndi masiku amene mtolo wa nkhuni kapena thumba la makala latenga, chifukwa manambala a m'mudzi mwanu momwemo ndi amene adzakhale mphamvu yanu pokalankhula ndi akuluakulu.

Madzi akumwa ndi khomo lina lolowera, makamaka mogwirizana ndi alangizi a zaumoyo. Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timafa madzi akatenthedwa kufika madigiri 65 kwa kanthawi, ngakhale asanabwadamuke, ndipo pali kachipangizo kotchedwa WAPI, kokhala ndi phula limene limasungunuka madzi akafika pamlingo woyenera. Ngati kachipangizoko palibe, musaganizire ndi chala, koma madziwo awiritsidwe kapena athiridwe klorini monga mwa malangizo a zaumoyo. Kutentha sikuchotsa mankhwala a m'munda kapena matope.

Kuti ntchito ipitirire mudzi umodzi, iyenera kulowa m'mapulani a boma. Njira yake ndi yodziwika: komiti ya m'mudzi imapereka zofuna zake ku komiti yachitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ndipo kuchokera kumeneko zimafika ku khonsolo ya boma. Pokalankhula kumeneko, onetsani kuti zimene mukupempha zikugwirizana ndi mfundo zimene boma linavomereza kale, monga ndondomeko yokhudza makala yotchedwa National Charcoal Strategy ya 2017 mpaka 2027, imene cholinga chake china ndi kulimbikitsa njira zina zophikira, ndiponso ntchito yofalitsa mbaula zosunga nkhuni imene inali ndi cholinga chofikira mbaula 2 miliyoni pofika 2020. Pemphani zinthu zenizeni zimene khansala kapena phungu angathe kuyankha: kuti kuphika ndi dzuwa kuphatikizidwe m'maphunziro amene alangizi amapereka kale, kuti sukulu imodzi kapena chipatala chaching'ono chimodzi chiyesere kutenthetsa madzi ndi dzuwa, kapena kuti nkhani ya msonkho wa zipangizo ikakambidwe ku Nyumba ya Malamulo. Mabungwe amene ali kale m'bomali, monga Mulanje Mountain Conservation Trust, ndi eni minda ya tiyi amene antchito awo amafunanso nkhuni, afikiridwe ndi kalata yaifupi yokhala ndi manambala a m'kabuku kaja ndi pempho limodzi lomveka. Pa wailesi ya m'dera, monga Mzati, alankhule amayi amene akuphikadi, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, ndipo anene zovuta pamodzi ndi zabwino.

Bungwe lakunja likafuna kuthandiza, gwirizanani nalo molemba kuti gawo lina la thandizo lipite ku maphunziro, kuyendera makomo ndi zipangizo zokonzera kwa nyengo za dzuwa zosachepera ziwiri, chifukwa chaka chachiwiri, dzinja litadutsa, ndi pamene zimadziwika ngati mabanja atulutsanso mbaula zawo. Mu Julayi amayi ophunzitsa ayambe kuyendera makomo, kuona magalasi osweka ndi makatoni odyedwa ndi chiswe, ndi kuitanitsa zipangizo kuti zifike Ogasiti asanayambe.