Mmene mungayendere Mulanje, kuyambira m'minda ya tiyi mpaka m'mphepete mwa phiri

Anthu ambiri amene amapita ku Mulanje amathamangira phiri, ndipo minda ya tiyi amangoiona pawindo la galimoto. Woyenda motere amaphonya theka la ulendo, chifukwa mbiri ya boma limeneli ili m'mindamo, m'nyumba zakale za atsamunda ndiponso mwa anthu amene makolo awo anaswa mphanje pamenepo. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira kuona zonsezi, bola muwagawe bwino.

Pochoka ku Limbe pali misewu iwiri. Wa Midima ndi wachidule, koma popita ndi bwino kudzera wa ku Thyolo, chifukwa umadutsa pakati pa minda ya tiyi kwa nthawi yaitali ndipo phiri limayamba kuonekera pang'onopang'ono. Amene ali ndi nthawi angapatukire ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923, komwe nyumba yakale ya banjalo, Huntingdon House, tsopano imalandira alendo ndipo amalawitsa tiyi wamitundumitundu. Pobwerera mukhoza kudzera ku Midima.

Tsiku loyamba lipatseni tiyi, ndipo mulawirire. Minda imeneyi ili ndi eni ake, monga Lujeri ndi Eastern Produce, choncho ndi ulemu kupempha chilolezo musanalowe, makamaka ngati mukufuna kuona fakitale, zimene zimafunika kukonzeratu kudzera kumalo kumene mwagona. Otchola tiyi amayamba ntchito mame asanakamuke, dengu lili kumsana, atavala pulasitiki m'chiuno kuti nthambi zonyowa zisawang'ambire zovala. Imani pafupi muone manja awo. Amathyola nsonga yokha, masamba awiri anthete ndi kamphukira kapakati, n'kuponya kumbuyo osacheuka, ndipo malipiro amayendera kulemera kwa masamba pa sikelo. Musawajambule musanawalonjere ndi kuwapempha, pakuti ali pantchito. Ku fakitale masambawo amawayanika kuti afote, makina amawadula ndi kuwapota, kenako amawasiya kuti asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kufika kofiirira asanawaumitse ndi mpweya wotentha ndi kuwasefa m'magiredi. Ntchito imachuluka m'nyengo yamvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ndi nthawi imene minda imabiriwira kwambiri, ngakhale misewu yafumbi imaterera.

Mukamayenda m'mindamo, kumbukirani kumene inachokera. Mbewu za tiyi zinayamba zayesedwa ku mishoni ya Blantyre, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 zinafika ku Mulanje, m'malo ngati Lauderdale ndi Thornwood, kumene mvula yambiri ndi dothi lofiira zinagwirizana nazo. Malo amenewa anatengedwa m'manja mwa mafumu pa mtengo wosayenera kuutchula, ndipo anthu okhala pamenepo ankakakamizidwa kugwira thangata, ndiko kulipira malo okhala ndi ntchito ya manja awo. Alhomwe ambiri amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique analowa m'goli lomweli. Nyumba zamakhonde aakulu ndi malata ofiira, bwalo la gofu la kalabu ya Mulanje ndi mitengo yakale ya m'mbali mwa misewu n'zokongola ndithu, ndipo n'zoyenera kuziona, koma kuchepa kwa malo olima kumene anthu a Mulanje ndi Thyolo akulira nako lero kunayambira pomwepo. Ngati mungapeze wokutsogolerani wa m'mudzi wapafupi, mfunseni za agogo ake, ndipo mumpemphe akufikitseni kwa alimi ang'onoang'ono amene amalima tiyi paminda yawoyawo n'kumagulitsa masamba ku mafakitale.

Madzulo tsikirani ku Chitakale kapena kumsika wa pa boma mukagule zinanazi ndi nthochi, ndipo ngati mungapeze kalongonda wophika bwino, musamusiye.

Tsiku lachiwiri ndi la phiri. Yambirani ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango, mulembetse dzina ndi kutenga wotsogolera wovomerezeka. Ulendo wosavuta ndi wopita ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba, umene munthu wathanzi amauyenda pafupifupi ola limodzi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo dziwelo ndi lakuya, kotero wosadziwa kusambira akhale pamwala, ndipo mvula ikagwa kumtunda aliyense atulukemo msanga popeza mtsinje umadzaza mwadzidzidzi. Wofuna kufika pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, akonzekere masiku atatu, agone m'tinyumba ta pamwamba monga Chambe ndi Chisepo, atenge chakudya chake ndi zovala zotentha, ndipo asalimbane ndi chiperoni chikatseka njira. Nyengo yabwino yokwera ndi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, komabe mkungudza wake watsala pang'ono kutha chifukwa cha odula mozemba, choncho musagule bokosi kapena chosema chilichonse cha mtengo umenewu, kaya fungo lake likukopeni bwanji.

Tsiku lachitatu likapezeka, zungulirani cha ku Phalombe mukaone mabwinja a Fort Lister, linga limene Angelezi anamanga mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadutsira popita kunyanja yamchere. Chatsala ndi zipupa ndi manda basi, ndipo popanda munthu wa m'deralo n'kovuta kupapeza. Amene angasankhe mwezi, Julaye kumakhala mpikisano wothamanga wa Porters Race woyambira ku Likhubula, pomwe mu Okutobala Mulhako wa Alhomwe umasonkhana pa Chonde ndi gule wa tchopa. M'miyezi iwiriyi malo ogona amadzaza msanga, ndiye muimbiretu foni kukadali milungu ingapo.