Injini ikagwirana muli pa liwiro, finyani kilatchi

Anzanga oyendetsa njinga zamoto, vuto limodzi loopsa zedi ndi injini kugwirana muli pa liwiro. Oyilo akachepa kwambiri, pisitoni (chitsulo chomwe chimakwera ndi kutsika mkati mwa injini) imatentha, n'kufufuma, n'kukakamira m'silinda momwe imayendamo. Injini ikaima chonchi, tayala lakumbuyo nalo limasiya kuzungulira, njinga n'kuyamba kutsetsereka.

Apa musathamangire mabuleki. Finyani kilatchi msanga. Imalekanitsa injini ndi tayala, tayalalo limayambanso kuzungulira, inu n'kupatukira pambali pang'onopang'ono. Kawirikawiri injini imayamba yachenjeza: mphamvu zimachepa, mkati mumamveka kugogoda kwa zitsulo. Musaikakamize ati mufike kaye, imani. Ndipo oyilo muziyeza njinga itaima chilili pamalo osapendekeka, apo ayi muyezo umanama.

Tcheni ndiye ndimaiopa kuposa, chifukwa ikaduka n'kukulungana pa sipuloketi yakumbuyo (chitsulo chozungulira cha mano chomwe tcheni imayendapo), kilatchi sithandizanso kanthu. Njinga zambiri zimafuna tcheni yolendewera masentimita 2 mpaka 3 pakatikati pa masipuloketi awiri, koma onani buku la njinga yanu. Yothina kwambiri imatha msanga, yolobodoka imavuka. Mano a sipuloketi akasongoka n'kupindika, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi.